Seva Yathu Inakagona Kuchipinda kwa Apongozi

Chaka chimene buledi anasowa m'sitolo za ku Hwange, tauni yathu ya mgodi wa malasha, anzanga ankadandaula za buledi. Ine ndinkasowa poika kompyuta imodzi.

Ndinkagwira ntchito mu ofesi ya sukulu ina ku Empumalanga, kutaipa makalata ndi kuukitsa makompyuta okalamba amene anthu achifundo anatitayira. Ndikaweruka ndinkayamba ntchito ina yosalipidwa. Kunja kuno kuli anthu m'mayiko ambiri amene amalemba pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, ija imayamba kudzuka ukangoyatsa, ndipo amaigawa ulere, mkati mwake muli pambalambanda kuti aliyense aone, akonze, awonjezere. Ife tinathyolako nthambi yathu kuti izitha kuyenda pa makompyuta ofooka, komanso kuti izilankhula Chichewa. Tinalipo atatu: ine, wophunzira wina wa ku yunivesite ku Lusaka, ndi mphunzitsi wina wamayi wa ku Zomba, amene ndiye ankasenza ntchito yeniyeni. Sitinaonanepo maso ndi maso. Chichewa changa cha pamgodi amayiwo ankachikonza mopanda chisoni. Ndikalemba kuti "faka chimbale", ankandibwezera mzere umodzi: "Achimwene, kuno timati ikani."

Kwa zaka ziwiri tinkatumizirana ntchito pa imelo, ndipo zinafika posokonekera. Wina akonza za dzana, wina akonza za dzulo, wachitatu afufuta zonse ziwiri. Tinagwirizana kuti pafunika seva, kutanthauza kompyuta imodzi yosagona, yolumikizidwa ku lamya, kumene aliyense azikasiya ntchito yake ndi kutengako ya mnzake. Funso linali lakuti ikakhale kuti.

Yankho labwino linabwera lokha. Bambo wina wa kudziko lozizira, wosamalira makina a yunivesite kwawoko, anatilembera kuti ali ndi malo. Chipinda chozizira, magetsi ochokera mbali ziwiri, ndipo zonse zimakopedwa tsiku ndi tsiku. Ulere. Munthu wanzeru akanayankha tsiku lomwelo kuti zikomo. Ine ndinadikira Lamlungu, ndipo Lamlungulo ndinakaitchula nkhaniyo pakhonde la apongozi anga ku Lwendulu, pofuna kuti aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wolemberana ndi mayiko akunja.

Apongozi aamunawo anali atapuma ntchito ya zamagetsi pamgodi, koma anali adakali m'nyumba yomweyo imene anaberekeramo ana onse. Anamvetsera mpaka ndinatha. Kenaka anaika kapu pansi.

"Ndiye mawu athu akagone kwa mzungu."

"Si kwa mzungu kwenikweni, bambo. Ndi m'makina."

"Makina a mzungu. Akamwini, bambo anga anayenda pansi kuchokera ku Dedza kudzakumba malasha kuno. Malasha onse anakumbawo anakwera sitima. Munawaonapo akubwerera? Lero mwapeza chinthu chimodzi chotsala m'kamwa mwathu, nachonso mukuti chikwere sitima." Analoza kumene kumafuka utsi wa fakitale ya magetsi. "Magetsi akuphikidwa apo. Lamya ili m'nyumba muno. Chinthucho chibwere kuno."

Ndinali ndi mayankho. Lamya yawoyo inali yaulesi moti tsiku lina ndinatumizira mnzanga wa ku Bulawayo imelo, n'kukwera sitima, n'kukafika, n'kudya naye, ndipo imeloyo inatipeza tikusamba m'manja. Ndikulumbira, mnzangayo akadali moyo. Magetsi ophikidwa pafupiwo ankangotidutsa pamutu kupita kwa eni ake. Fumbi la kwathu nalo ndi lodziwika: nkhuku yoyera ukaigula Lachisanu, Lolemba umaigulitsa ngati yakuda, ndipo palibe amene amakutsutsa. Zonsezi zinali pa lilime. Koma mkamwini sanena kuti ayi pakhonde la mwini mwana. Ndinayang'ana mkazi wanga kuti andinenere. Iye anali atapeza ntchito yofunika kwambiri yosankha mtedza m'mbale.

"Chabwino, bambo," ndinatero.

M'kombi pobwerera tinakangana motsitsa mawu, bondo la munthu wina lili pakati pathu.

"Bwanji simunakane?" anandifunsa.

"Ndikane ine? Ndi bambo anu aja."

"Kompyuta ndi yanu."

"Munangoti ziii ngati mwabwera kudzaona maliro."

"Inu ndi amene mumati muonetse kuti mumalemberana ndi azungu. Mwaonetsa."

Mawa lake ndinalembera anzanga aja. Sindinatchule apongozi. Ndinalemba zifukwa zaukatswiri, zazitali, zokhala ndi manambala kumayambiriro: kuti chinthu chathu chikhale m'manja mwathu, kuti tisadalire chifundo cha mlendo, kuti Hwange ndi kwawo kwa magetsi. Ndinazilemba bwino moti ndinatsala pang'ono kuzikhulupirira. Wa ku Lusaka anavomera, chifukwa ankavomera chilichonse chosamupatsa ntchito. Amayi a ku Zomba anafunsa funso limodzi: "Achimwene, nanga makinawo akafa? Ndani azikopera?" Ndinayankha kuti ine, Loweruka lililonse, pa chimbale. Bambo wa kudziko lozizira ndinamuthokoza mwaulemu n'kumukana.

Milungu itatu yoyamba zinayenda. Seva inakhala pabalaza, pakati pa wailesi ndi kabati ya mbale za alendo. Loweruka ndinkafika, kupereka moni, kukhala pampando waung'ono, kukopera ntchito yonse pa chimbale, kumwa tiyi wopanda shuga, kubwerera. Akulu a mpingo ankabwera kudzaiona. Apongozi ankaimenya pamsana ngati ng'ombe ya pamsika n'kumati, "Chichewa chonse chili umu. Mukaiwala mawu, bwerani."

Kenaka akuba anathyola nyumba yachitatu kuchokera pamenepo n'kunyamula wailesi yakanema. Loweruka lotsatira ndinafika ndi chimbale changa m'manja, n'kupeza pamalo paja pali maluwa apulasitiki.

Apongozi aakazi anandilankhula ali pakhomo la khitchini, nkhope atayang'anitsa kukhoma monga mwa nthawi zonse.

"Tachisunga bwino, bambo. Musade nkhawa."

"Zikomo, amayi. Mwachisunga kuti?"

"Kuchipinda."

Amene munakwatira mukudziwa kale. M'nyumba za kwathu chinthu chamtengo chimagona kuchipinda kwa eni nyumba, limodzi ndi mapasipoti, kaundula wa ubatizo ndi suti ya ukwati. Ndipo m'dziko lonse lapansi, kuphatikiza pansi pa mgodi pamene moto umayaka wokha, palibe malo ena amene mkamwini saloledwa kupondako koposa kuchipinda kwa apongozi ake. Ine amene ndinali woyang'anira seva ya gulu la mayiko atatu, ndinatsala munthu mmodzi yekha pabanjapo wosaloledwa kuiona. Mphaka ankaloledwa.

Tinapeza njira. Mkazi wanga ankalowa n'kukhala patsogolo pa makinawo. Ine ndinkaima kuseri kwa nyumba, pansi pa windo, msana kukhoma kuti diso lisalakwe, nkhope kukhola la nkhuku la aneba, n'kumatchula zoti alembe chilembo chimodzichimodzi.

"Mwalemba?"

"Ndalemba. Chikuti palibe chinthu chotero."

"Mwasiya mpata pakati?"

"Simunanene za mpata."

"Ndikunena tsopano."

"Musandikalipire pawindo la amayi anga, bambo a mwana. Ndituluka muzilemba ndi nkhukuzo."

Aneba ankatulutsa mipando. Mayi wina wachindebele wa nyumba yoyandikana ankafuulira anzake kuti mkhwenyana, ndiye kuti mkamwini, wayamba kupemphera, bwerani. Ntchito ya mphindi makumi awiri inkatenga masana onse, koma chimbale chinkatuluka pawindo, chofunda ngati chitumbuwa, ndipo ndinkapita nacho kwathu.

Zinatha pamene mkazi wanga anayamba kuwoloka kupita ku Livingstone kukasaka sopo ndi mafuta ophikira, monga ankachitira aliyense wofuna kuti ana adye. Ankanyamuka Lachisanu, kubwera Lolemba miyendo itatupa. Munthu wotero sungamuuze kuti tiyeni kuwindo. Ndinapempha apongozi aamuna kamodzi kuti akhale manja anga. Anavomera mokondwa, analowa, ndipo ndinamva zitsulo zikulira. Iwo sankakhulupirira zotaipa. Anatsegula makinawo, kumanga sikuluwu iliyonse imene anaipeza, kenaka anatuluka akupukuta manja.

"Ndachimangirira ku mwendo wa bedi ndi tcheni cha pamgodi," anatero. "Wakuba achitenge ndi bedi lomwe, ndi ife tili pomwepo."

Kiyi wa loko anamuika pa lamba wawo.

Ndinayesa kulankhula mozungulira, monga amalankhulira mkamwini. Ndinati, bambo, makina aja amakonda mphepo. Anati mphepo ndiyo imabweretsa fumbi. Ndinati pabalaza pankawayanja. Anati pabalaza pankayanjanso wailesi yakanema ya aneba. Pambuyo pake mkazi wanga anandiuza kuti amayi ake, poona fumbi likulowa m'timabowo ta makinawo, anawalukira kansalu kokongola, ndipo poona kuti kansaluko kali ndi mabowonso, anafunditsa bulangete pamwamba. Bulangete labwino, la alendo. Ku Hwange, kumene mu Okutobala phula la mumsewu limakuvula nsapato n'kukusiya uyende wekha. Sindikuwonjezera. Ndili ndi nsapato ya kumanzere imene inzake ikadali pa msewu wa ku siteshoni.

Pa nthawi yomweyo amayi a ku Zomba anagwira ntchito yaikulu kuposa zonse. Anamasulira buku lonse la malangizo, lija munthu amatsegula akasokonezeka. Analibe kompyuta yawoyawo. Ankapita kumalo olipira intaneti akaweruka, kumasulira ali pomwepo, kutumiza ku seva, n'kunyamuka, ndipo makina a kumaloko ankafufutidwa madzulo aliwonse. Ndiye kuti miyezi itatu ya ntchito yawo inali malo amodzi okha pa dziko lapansi: pansi pa bulangete la alendo, kumwendo kwa bedi la apongozi anga. Mlungu uliwonse ankamaliza kalata yawo ndi funso lomwelo: "Mwakopera, achimwene?" Mlungu uliwonse ndinkayankha kuti zonse zili bwino. Apa sindilumbira chilichonse, chifukwa limeneli ndiye linali bodza, ndipo ndinalinena ine.

Linali Lachisanu, mu Okutobala. M'mawa ndinapeza imelo ya wa ku Lusaka yonena kuti mafayilo ena akutuluka oduka. Ndinabwereka fulashi yokoperamo mafayilo kwa ahedi, ndinakwera kombi dzuwa lili paliwombo, ndinakafika ku Lwendulu malaya atamatirira. Apongozi aamuna anali atapita ku Bulawayo pa sitima kukaonetsa maso, kiyi ali pa lamba. Mkazi wanga anali kutsidya. Panyumba panali apongozi aakazi okha.

Ndinapita kuwindo langa lija, ndipo ndinamva ndisanafike. Tiki. Tiki. Tiki. Aliyense wokonza makompyuta amaudziwa mkokomo umenewo. Ndi disiki, nkhokwe ya zonse za m'katimo, ikutsanzika. Disiki yotero suizimitsa, chifukwa siidzukanso. Umathamanga n'kukopera zimene ungathe ikadapuma.

"Amayi," ndinaitana, nkhope ku nkhuku. "Chayamba liti kulira chonchi?"

"Dzana. Ndimayesa nyenje yalowamo."

"Mungathe kuona zimene zalembedwa pa galasi la makinawo?"

"Ndikuona ngati nyerere zoyera. Magalasi anga apita ndi bambo anu, akuti akawasinthe."

"Nanga tchenicho?"

"Tcheni cha bambo anu mukuchidziwa."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa fumbi. Ndinawafotokozera, mwina kwa nthawi yoyamba mosazungulira, kuti muli ntchito ya mayi wina wa kwathu ku Malawi, mphunzitsi, ya miyezi itatu, kuti kulibenso kwina kumene ili, ndipo kuti ikufa tikulankhula pano. Ndinamva akutsegula wodilopu, akutseka. Patapita kanthawi anatulukira kutsogolo atavala duku, ndipo analankhula kwa mtengo wa mango, osati kwa ine.

"Ine ndikupita kukaona mnzanga wa kumpingo, akudwala. Ndichedwa. Zitseko sindikhoma, kwatentha. Aneba onse ali pa mzere wa ufa."

Anatuluka pa geti osacheuka.

Mayi ameneyo anali atandipatsa chinthu chimene mpongozi sapereka. Ndinachimva bwinobwino. Ndinalowa pabalaza, ndinadutsa maluwa apulasitiki, ndinafika pa kakhonde ka mkati. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, katani atamukokera pambali, ntchito ya manja awo. Ndinaona kumiyendo kwa bedi. Ndinaona nsapato za apongozi aamuna zitafoleredwa, ndi chovala chamkati cha apongozi aakazi chili pa msomali. Ndinaona bulangete litatukumuka pakona, tebulo laling'ono pambali pake, galasi likuyaka. Mapazi atatu. Ndinawawerenga ndi maso.

Mwendo unakana.

Ndimadziwa mmene zikumvekera. Ndine munthu amene ndinaphunzira, ndinkatsutsana ndi akatswiri a mayiko ena pa imelo, sindikhulupirira kuti munthu amatupa akaponda chipinda cha apongozi. Panalibe wondiona. Mwini chipinda anali atachita kundisiyira. Ndinadziuza zonsezi mokweza, m'Chichewa, m'Chingerezi, ndi m'Chilapalapa cha pamgodi chimene agogo ankatukwanira mafolomani. Ndinakweza phazi lamanja, linafika pamwamba pa mzere wa simenti wa pakhomopo, n'kubwerera lokha ngati lakhudza mbaula. Ndinayesa lamanzere. Ndinayesa kutsinzina. Ndinayesa kulowa chambuyo, poganiza kuti ngati nkhope ili kunja ndiye kuti munthu sanalowe, koma chidendene nachonso chinali chitaleredwa ndi amayi anga.

Ndinakatenga tsache la mpini wautali kukhitchini. Nditagwira mphuthu ndi dzanja limodzi, thupi lonse lili lende m'mwamba koma mapazi ali kunja, ndinakwanitsa kukola bulangete lija n'kuligwetsa. Kansalu koluka kanatsatira. Kutentha kumene kunatuluka pamenepo kunandifika kumaso. Ndinayesa kufikira mabatani ndi mpiniwo. Ndinalemba zilembo zinayi, zonse zolakwika. Fulashi inali m'thumba la malaya, ndipo panalibe tsache pa dziko lino loti likailowetse pa kabowo kake.

Tiki. Tiki. Kenaka mpata wautali. Tiki.

Ndinaima pamenepo ndi tsache m'manja, munthu wamkulu wa ana awiri, mpaka kulirako kunasiya. Galasi linadzaza mizere yofanana, ikutsika, ikutsika. Ndinabwezera tsache kukhitchini, ndinatuluka, ndinakhala pakhonde.

Apongozi aakazi anabwera dzuwa litapendeka. Anayamba kutsokomola ali patali, kenaka anaimba nyimbo ya kumpingo pa geti, kuti ngati muli munthu m'malo olakwika atuluke. Atandiona pakhonde anakhala kumapeto kwenikweni, chammbali.

"Mwatha, bambo?"

"Sindinalowe, amayi."



"Ndakhala kwa mayi uja," anatero, "mpaka wandifotokozera matenda ake onse kuyambira chikuku. Ndamwa madzi ake ofunda makapu atatu. Inu muli chiimire."

"Ndinachotsa bulangete."

"Ndi chiyani?"

"Ndi tsache."

Ananena liwu limodzi la Chindebele limene sindinkadziwa kuti amalidziwa, n'kulowa m'nyumba.

Apongozi aamuna anabwera Loweruka, anamasula tcheni, ananyamula makinawo okha n'kudzawaika pakhonde ngati mtembo. Ndinayesa njira zonse zimene ndinkadziwa ndi zina zimene ndinangomva. Disiki sinadzuke. Chimbale chomaliza chimene ndinali nacho chinali cha mwezi wa Julaye, buku la malangizo lisanayambike.

Ndinalembera amayi a ku Zomba. Nthawi imeneyi ndinalemba zonse, khonde, windo, tcheni, tsache. Ndinaganiza kuti munthu wa kwathu amvetsa, mwina aseka. Anayankha patapita masiku anayi.

"Achimwene, za apongozi ndazimva, nanenso ndili nawo. Zimene sindikumva ndi zoti ndinkakufunsani mlungu uliwonse. Ndinkachoka kusukulu wapansi kuti ndikapeze malo pa makina aja. Mukanangondiuza, ndikanalemba m'kope."

Sanalembenso. Ndinawatumizira makalata ena atatu. Wa ku Lusaka anamaliza sukulu n'kupeza ntchito. Zotsala za pa chimbale ndinazitumiza kwa bambo wa kudziko lozizira uja, amene sanafunse funso lililonse, ndipo kuziika pa makina ake kunatenga masana amodzi. Pulogalamu yathu inatuluka choncho. Imakupatsa moni m'Chichewa, imakufunsa dzina m'Chichewa, koma ukasokonezeka n'kupempha thandizo imakuyankha m'Chingerezi.

Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, apongozi aamuna anandikodola pamene panaima akulu a mpingo. Ndinapita ndikudziwa kuti ndikukalandira mlandu wopha Chichewa chonse. Iwo anakonza magalasi awo atsopano.

"Muoneni bwino munthu uyu," anatero. "Nyumba yotsegula. Mulibe munthu. Chinthu chake chikufa mkati, iye akuchimva. Sanaponde. Apongozi ake aakazi anachita kumusiyira mpata, sanaponde. Masiku ano mungampeze kuti wotere?"

Akuluwo anandipatsa moni mmodzimmodzi, ndi manja awiri. Wina anagwetsa msozi, ndipo izi ndikulumbira. Wina, wa ana aakazi anayi, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati ndili ndi mng'ono wosakwatira.

Ndinali naye. Ndinati ndilibe.